Zidole zopopa zija, patatha miyezi isanu ndi itatu

Mu Febuluwale ndinalemba zoyamikira zidole zitatu zopopa, zoimira osewera, zimene ndinagula kuti ndiziphunzitsira magoloboyi athu kugwira mipira yoponyedwa m'bokosi kuchokera m'mbali. Ndinati n'zopepuka, zimakwana m'chikwama chimodzi, ndipo mwana akagundana nazo savulala. Mawu amenewo sindikubweza. Koma pano tili mu Okutobala, ndipo pa zitatuzo chatsala chimodzi, nachonso chimangogona kunsi kwa bedi.

Timu yathu ndi ya anyamata osapitirira zaka 17 kuno ku Mabvuku mu mzinda wa Harare, ambiri ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi kalekale. Bwalo lathu si sitediyamu ya Rufaro, ndi fumbi lokhalokha. Chidole choyamba chinabooka ndi minga mu Meyi, chachiwiri dzuwa linachimasula msoko. Kunsi kwake amati tizithirako madzi kuti chiime, koma wokhala kuno akudziwa kuti madzi sitiseweretsa, choncho tinkathira mchenga. Mphepo ya mu Ogasiti itafika, mchengawo sunathandize.

Kubooka ndikanapirira. Chimene chinandikhumudwitsa n'chakuti chidole sichisuntha. Goloboyi wathu wamtali anafika poti mpira uliwonse woponyedwa pakati pa zidolezo ankauthyola ngati mango. Ine ndinkangoti basi tapeza munthu. Tsiku la masewero enieni, kona yoyamba yomwe, wina anamuimirira kutsogolo, wina anamutsamira paphewa, iye anangotuluka masitepe awiri n'kuima. Pagolo palibe, pampira palibenso. Chigoli. Mwanayo anali ataloweza pamene zidole zimaima, osati kuwerenga mpira ndi anthu othamanga. Amene tinaonera Flames ikugonjetsa Zimbabwe 2-1 ku Bafoussam mu Januwale 2022 timakonda kukumbukira zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, koma choyamba tsiku lija chinali cha Ishmael Wadi, cha mutu. Womenya ndi mutu amabwera ali pa liwiro, sadikira ngati chitsa.

Kuyambira mu Juni ndinasintha. M'bokosi ndimaikamo anyamata enieni asanu ndi mmodzi, atatu otchinga, atatu ofuna chigoli, ndipo ndimawalola kukankhana pang'ono. Tinayambira pa kaimidwe. Golo ndi lotambalala mamita 7.32, ndipo kuthamangira kutsogolo n'kosavuta kuposa kubwerera chambuyo, ndiye mpira ukakhala kutali m'mbali, goloboyi asakakamire pamtengo wapafupi. Aime chapakati, thupi lotseguka kuti aziona woponya komanso amene akulowa. Asanyamuke mpira usanamenyedwe. Ukangonyamuka, aganize kamodzi: akatuluka akuwe "wanga!", akakhala akuwe "chotsa!" Ana athu amasakaniza ndi Chishona, mumangomva "wangu!", ine zilibe kanthu bola mawu amveke mpaka kumsewu.

Kulumpha ndi mwendo umodzi, bondo lina m'mwamba kumbali kumene kukuchokera mdani, n'kuugwira mpira pamene manja afika pamwamba penipeni. Pakachuluka anthu, nkhonya. Apa ndinalimbana nawo kwambiri, chifukwa anyamata amaona ngati kumenya nkhonya ndi mantha. Ndinawauza kuti ngakhale Bruce Grobbelaar, amene anatenga chikho cha ku Ulaya ndi Liverpool mu 1984, ankatuluka molimba mtima koma nthawi zina mpira unkamupulumuka.

Wandidabwitsa ndi wamfupi mwa magoloboyi athu atatu, amene ndinkafuna kumusamutsira kumbuyo. Sangadalire msinkhu, ndiye amawerenga mpira msanga ndipo mapazi ake sachedwa. Agogo ake atabwera kudzaonera anati, "Aphunzitsi, musamuchotse ameneyu. Japhet Mparutsa wa Dynamos ankatchedwa Short Cat, mukuganiza anali wamtali?" Ndinangovula chipewa. Lero ndiye woyamba pagolo.

Tawonjezanso china chimene zidole sizikanatiphunzitsa. Kuyambira mu Julayi 2025, goloboyi akasunga mpira m'manja kupitirira masekondi 8, oyimbira amapereka kona kwa adani. Kugwira mpira wa kona n'kudzipatsanso kona ina chifukwa chogona pansi, zimenezo ayi. Choncho akangougwira, ine ndimayamba kuwerenga mokweza, iye adzuke, ayang'ane mbali imene kulibe anthu, auponye.

Ndiye kodi mugule? Ngati muli ndi ana amene akuopa kugundana ndi anzawo m'mwamba, zidolezi zimathandiza masabata anayi kapena asanu oyamba, ndipo wamantha wathu wachitatu anaphunzirira pomwepo kukweza bondo. Kupitirira apo, ndalamazo mugulire mipira iwiri yabwino ndi magolovesi. Chotsalachi ndalonjeza kupatsa mnzanga amene amaphunzitsa ana osapitirira zaka 12 ku Tafara, akabwera Loweruka atenge pamodzi ndi pampu yake.