Buku la zithunzi zopaka chekeni za ma elf a Khirisimasi: nyenyezi zinayi, koma mugule machekeni anu

Ndinagula bukuli pa intaneti kumayambiriro kwa Disembala chifukwa cha ana anga awiri, mnyamata wa zaka 8 ndi mtsikana wa zaka 5. Kuno ku Leeds, ku England, mwezi umenewu mdima umagwa 4 koloko isanakwane, panja pamazizira, ndiye ana akaweruka kusukulu amangothamangira tabuleti. Mtengo wake sunafike £10, ndipo linabwera ndi timachekeni 12 komanso tsamba limodzi la zomata. Ndalipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu, ndipo ndikufuna makolo anzanga adziwe chimene chili m'kati asanatulutse ndalama.

Mabuku ambiri oterewa amangodzaza Father Christmas ndi mitengo yokongoletsedwa tsamba ndi tsamba. Ili ndi losiyana chifukwa m'munsi mwa chithunzi chilichonse muli mizere itatu kapena inayi yofotokoza kumene ma elf, tianthu ta m'nthano tothandiza Father Christmas, tinachokera. Timizere timeneti ndi timene tinandikopa, moti usiku ana akagona ndinkafufuza zambiri kuti mawa lake ndidzakhale ndi chowayankha.

Tianthu ta makutu osongoka, tovala zobiriwira ndi zofiira, topanga zoseweretsa ku North Pole, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, si takale kwenikweni. Tinatchuka ku America m'zaka za m'ma 1800. Wojambula wina dzina lake Thomas Nast ndi amene anafalitsa zoti Santa Claus, yemwe ndi Father Christmas yemweyo, amakhala ku North Pole, ndipo mu 1873 magazini ya Godey's Lady's Book inatulutsa chithunzi cha Santa atazunguliridwa ndi ma elf ndi zidole. Koma mizu yake ili kumpoto kwa Ulaya, ndipo gawo limeneli bukuli lalisamala bwino kwambiri. Ku Sweden kuli tomte, ku Norway ndi ku Denmark kuli nisse, ku Finland kuli tonttu. Ameneyu poyamba sankapanga zidole ayi. Anali kankhalamba ka ndevu zazitali ndi chipewa chofiira, kokhala m'khola kapena kunsi kwa nyumba, koyang'anira ziweto usiku, makamaka akavalo. Malipiro ake anali mbale ya phala lothira batala usiku woti mawa ndi Khirisimasi.

Tsamba limene ana anga analikonda kuposa onse ndi la mbale ya phala imeneyi. Nthano yake imati tsiku lina wantchito wapakhomo anaika batala pansi pa phala m'malo moika pamwamba. Nisse atabwera n'kuona kuti batala palibe, anapsa mtima n'kukapha ng'ombe yabwino kwambiri m'khola. Atabwerera kudzadya phala lija, anapeza batala ali pansi pa mbale. Manyazi anamugwira, ndipo usiku womwewo anayenda mtunda wautali kukasaka ng'ombe yofanana ndi imene anapha ija. Mwana wanga wamkazi anapaka batalayo chikasu chowala, kenako anafunsa kuti, "Amayi, bwanji sanayambe wavundula kaye?" Funso limeneli tinakambirana mpaka chakudya chamadzulo chitatha, ndipo palibe pulogalamu ya pa tabuleti imene inatipatsapo macheza otero.

Muli masamba angapo a ku Iceland, kumene kuli anyamata a Khirisimasi 13 otsika m'mapiri mmodzimmodzi kuyambira pa 12 Disembala. Wina amanyambita masipuni, wina amamenyetsa zitseko, wina amaba masoseji, wina makandulo. Ana kumeneko amaika nsapato pawindo, ndipo wosamvera amapezamo mbatatesi yowola. Mnyamata wanga anaseka mpaka misozi. Muli tsamba la Finland loonetsa phiri la Korvatunturi, limene anthu akumeneko amati ndi kwawo kwa Santa, ndiponso mudzi wa alendo wa ku Rovaniemi. Zimenezi anangopaka mothamanga n'kudutsa.

Tsopano nkhani imene ndikudziwa kuti makolo ambiri akwathu aifunsa. Amayi anga anali atabwera kudzationa, ndipo ataona zithunzizo nkhope inasintha. Anandiitanira kukhitchini nati, "Mwana wanga, tianthu tosaoneka togwira ntchito usiku anthu atagona, kodi si ndondocha zimenezi mukuphunzitsa adzukulu angazi?" Sindinawaseke, chifukwa nkhawa yawo ndinaimvetsa. Ndinawafotokozera kuti ndondocha, mmene timamvera kwathu, ndi munthu amene wachitidwa chipongwe kuti azilemeretsa wina, pamene nisse wa m'nthanozi alibe mbuye. Amathandiza banja losamala ziweto zake, ndipo akanyozedwa amasamuka. Ndinawauzanso kuti anthu a kumeneko masiku ano amazitenga ngati nthano za ana basi. Anamvetsera, anavomera kuti ana apitirize, koma anati tiziwauza momveka kuti izi ndi nthano. Pamenepo ndinagwirizana nawo kwathunthu, ndipo ndi mmene timachitira. Dziwaninso kuti m'bukuli mulibe chithunzi cha kubadwa kwa Yesu. Chokhudza mpingo ndi tsamba limodzi lokha la Nicholas Woyera, bishopu wa ku Myra, dera limene lero lili m'dziko la Turkey, amene tsiku lake limakumbukiridwa pa 6 Disembala. Ngati mukufuna buku la Sande sukulu, ili si limenelo.

Theka lachiwiri ndi la malo ogwirira ntchito a ma elf, ndipo wojambulayo akuoneka kuti ukalipentala amaudziwa. Nyundo, sowo, singano ndi ulusi, mapoto a penti, zonse zili m'manja moyenera. Elf wina akusema kavalo wamatabwa, wina akusoka mkono wa chidole, wina akukhoma mateyala a kasitima. Mnyamata wanga, amene zoseweretsa zake zonse ndi zapulasitiki zogula m'sitolo, anafunsa ngati munthu weniweni angapange galimoto ndi manja. Bambo ake anangodzuka, n'kutenga mahang'ala awaya ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo Loweruka lonse linathera pa galimoto ya mawaya yokhala ndi chiwongolero chachitali, ngati zimene iwo ankapanga ali mwana ku Dedza. Galimotoyo ndi yopindika pang'ono koma imayenda. Ndinasangalalanso kuti nkhope ndi manja a ma elf anazisiya zosapaka, choncho mwana wanga wamkazi anawapaka khungu lofanana ndi lake popanda womuuza.

Chimene ndachotsera nyenyezi imodzi ndi pepala. Ndi lopyapyala, ndipo zithunzi anazisindikiza mbali zonse ziwiri. Mwana akagwiritsa ntchito mapeni a inki, mtundu umadutsa n'kuwononga chithunzi cha kuseri. Kwathu tsamba la nsapato pawindo linawonongeka chonchi, ndipo panali kulira. Masamba alibenso timabowo tong'ambira, ndiye mukafuna kuchotsa chithunzi kuti muchimate pafiriji, muyenera kudula ndi sizasi mosamala, apo ayi masamba ena amayamba kuthothoka. Machekeni obwera ndi bukuli ndi osalimba. Ofiira ndi obiriwira, amene amagwira ntchito kwambiri, anathyoka sabata yoyamba, ndipo mtundu wake ndi wotuwa. Tinagula mapensulo amitundu padera, zinthu n'kusintha.

Zithunzi zina, makamaka za mashelefu odzaza zidole, zili ndi timizere tating'ono kwambiri moti wa zaka 5 amatopa asanafike pakati. Zina za panja pa chipale chofewa zili ndi malo oyera ambiri, mwana n'kusowa chopaka. Mawu ofotokozawo ndi a Chingerezi ndipo zilembo zake ndi zazing'ono, kotero wamng'onoyu ndinkamuwerengera n'kumufotokozera m'Chichewa, zimene kwa ine zinali zabwino chifukwa anatolapo mawu ngati khola, phala ndi ndevu.

Ndikuona kuti limayenera ana a zaka 6 mpaka 10. Ngati muli ndi ana awiri, gulani mabuku awiri, chifukwa onse amafuna tsamba limodzimodzi nthawi imodzi. Ikani pepala lolimba kuseri kwa tsamba limene akupaka, ndipo mapeni a inki muwabise. Ofuna kutumiza kwa ana a abale kumudzi aikemo paketi ya mapensulo amitundu ndi chosongolera, popeza machekeni a m'katiwo safika patali.