Nazale ya mdala uja wa ku Furancungo: mitengo yagwira pa maenje a golide

Amene mumafunsa ngati mungagule mbande pa nazale ya mitengo ya mdala wina wa ku Furancungo, likulu la boma la Macanga, ine ndagulako kawiri ndiye ndingonena zomwe ndaona. Munda wa malemu bambo kuno ku Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anyamata okumba golide anausiya uli maenje okhaokha, dothi lakuda lapamwamba linakwiririka pansi, pamwamba panatsala miyala ndi katondo, ukaponda masana mwezi wa Okutobala phazi kupsa ngati uli ku Moatize. Chimanga chinkangofika m'mawondo, chachikasu, basi.

Ndinapita kukagula bulugamu poti amakula msanga koma mdalayo anandikaniza, akuti "achimwene, nthaka yakufa imeneyo bulugamu mungotayirapo meticais anu." Akuti kwirirani kaye maenje, dzalani udzu wa vetiva m'mizere madzi asamakokolole, kenako nandolo ndi kalongonda, mitengo ibwere pambuyo. Zinandinyansa ndithu, munthu wabwera ndi ndalama m'manja iwe n'kumubweza? Koma ndinamvera. Chaka chachiwiri ndi pomwe anandigulitsa mbande za mitengo ya gliricidia, msangu ndi masau pang'ono.

Pano papita mvula zinayi. Nandolo ndi gliricidia mizu yake imaika nayitrojeni, chakudya cha mbewu, m'nthaka, masamba akayoyoka amaphimba pansi dzuwa osafikapo, ndiye mvula ikadula sabata yathunthu pansi pa mitengopo ukafukula ndi chala umapeza chinyontho pomwe mbali yomwe sindinadzale pauma gwaa. Kuika dzanja pansi masana kusiyana kwake kumamveka, kuno kozizira uko kotentha. Nyongolotsi zabwerera, ndinaitana mayi a kunyumba adzaone okha poti ankandiseka kuti ndikulima miyala. Dothi lakudalo likadali lochepa, mwina kuya kwa chala chimodzi, musaganize kuti munda wabwerera mwakale. Mdala uja anandichenjezanso kuti pomwe anyamata aja ankatsukira golide ndi mercúrio, mankhwala a poizoni, ndisadzalepo ndiwo zamasamba, izi palibe wina anandiuzapo.

Chondidandaulitsa ndi mbande za msangu, zinakhalitsa m'machubu mizu n'kupindikira momwemo, msangutu umafuna muzu wake utsike pansi molunjika, ndiye zambiri zinafa ndipo mdalayo sanandibwezere olo imodzi. Thiransipoti alibe, ndinachita kunyamula panjinga yamoto maulendo atatu, foni yawonso nthawi zambiri sipezeka. Mukapita muzitembenuza chubu muone pansi pake musanalipire. Gliricidia ndi vetiva ndidzagulanso konko, msangu chaka chino ndifesa ndekha.