GeneXpert inapeza TB ya bambo anga pomwe mayikulosikopu inalephera

Bambo anakhosomola masabata asanu. Usiku thukuta linkachita kunyowetsa bulangete, buluku n'kumavuka lokha m'chiuno. Pachipatala chaching'ono cha kwathu anayeza makhololo awo pa mayikulosikopu n'kutiuza kuti sanapeze kanthu, koma chifuwa osaleka. Tinakwera minibasi kupita kuchipatala cha boma komwe kuli makina a GeneXpert.

Anawapatsa kabotolo kuti akalavuliremo panja, pamphepo. Ine ndinaima pawindo la labu n'kumaonerera. Mnyamata wa mulabu anathiramo madzi a mankhwala, kukhutchumula, kudikira pang'ono, kenako kutsanulira mu katiriji, kabokosi kapulasitiki kokwana m'dzanja, n'kukalowetsa m'makina. Basi. Anandifotokozera kuti makinawa amasaka DNA ya kachilombo ka TB n'kuichulukitsa mpaka ioneke, n'chifukwa chake amagwira matenda ngakhale tizilombo tili tochepa. Amanenanso ngati TB yakeyo ikukana rifampicin, mankhwala odalirika kwambiri pa matendawa. Zonsezi m'maola awiri okha.

Chimene chinandipweteka ndi magetsi. Anathima makina ali pakati pa ntchito, ndipo katiriji ija inangowonongeka. Ndinachita kuwapempha kuti, "Bambo, pepani, tayesaninso." Munthu wofooka kale, kukhala pabenchi kukoka makhololo ena kuchokera pansi pa chifuwa mpaka misozi. Ndikakumbukira mtima umandiwawabe.

Ife sitinalipire kalikonse, koma katiriji si yaulere. Kampani ya Cepheid ya ku America inkagulitsa imodzi madola 9.98 kwa mayiko ngati athu, ndipo mu 2023 inatsitsa kufika pa 7.97. A MSF, bungwe la madokotala opanda malire, akhala akumenyera kuti ifike pa madola 5, ndipo ine ndili nawo limodzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza makinawa mu 2010, koma mpaka pano wakumudzi amayenera kupeza ya thiransipoti kuti awafikire. Kuli makina ena a ku India otchedwa Truenat oyendera batire, omwe WHO inavomereza mu 2020. Amenewo ndiwo ndikanakonda atafika m'zipatala zing'onozing'ono.

Ngati wanu wakhosomola kupitirira masabata awiri, funsani za GeneXpert, musachite manyazi. Zotsatira za bambo zinatuluka cha m'ma 4 koloko madzulo: TB ilipo, koma yomva mankhwala. Anayamba kumwa tsiku lomwelo. Pano ali m'mwezi wachitatu mwa isanu ndi umodzi, ndipo dzulo amaliza okha mitanda iwiri ya nsima.