Mbande zomezanitsa za jackfruit: ndemanga yanga patatha zaka zisanu

Ndadikira zaka zisanu ndisanalembe ndemangayi, chifukwa mtengo wa zipatso si nsapato yoti wavala lero, mawa n'kudziwa ngati ikuthina. Ndinagula mbande zitatu za jackfruit, mtengo wobala zipatso zikuluzikulu za khungu la timinga, ku nazale ina, zonse zitamangiridwa kapepala kolembedwa kuti ndi zomezanitsa, za mtundu wa mnofu wolimba. Lero umodzi unafa kalekale, iwiri ili moyo, ndipo pa iwiriyo umodzi wokha ndi umene uli chimene anandigulitsa. Mtengo umodzi umenewo ndikuupatsa nyenyezi zisanu mosanyinyirika. Eni nazale ndikuwapatsa zitatu, ndipo yachitatuyo ndawakomera mtima.

Mbandezo zinabwera m'machubu akuda, zikulekeza m'chiuno, masamba ake obiriwira mochita kunyezimira. Ine ndinasankha zitalizitali poganiza kuti yaitali ndiye yamphamvu. Apa ndiye ndinalakwitsa koyamba, ndipo wogulitsa anangondiyang'ana osanena kanthu. Jackfruit ali ndi muzu umodzi waukulu umene umalowa pansi molunjika, ndipo mbande ikakhalitsa m'chubu muzuwo umasowa kolowera n'kuyamba kudzipinda pansi pa chubupo ngati njoka yogona. Nditang'amba chubu cha mbande yaitali kuposa zonse ndinapeza muzu utazungulira kawiri. Ndinaibzala choncho, pamalo otsika pomwe ndinkati madzi sazisowa. Mvula yachiwiri itagwa kwa masiku angapo osalekeza, madzi anadikha pamenepo, masamba anayamba chikasu, n'kulakatika onse pasanathe milungu iwiri. Mtengo uwu umakonda chinyontho koma sufuna mizu yake ikhale m'madzi. Mlandu wa malowo ndi wanga, ndikuvomera. Koma kugulitsa mbande yopindika muzu, popanda ngakhale kapepala kofotokoza kabzalidwe kake, umenewo ndi mlandu wawo.

Yachiwiri inandipusitsa kwa zaka zinayi. Inkakula mwachangu kuposa inzake, ndipo ndinkaionetsa kwa aliyense wobwera pakhomo. Zimene sindinadziwe n'zakuti nthambi yomezanitsidwayo inauma m'miyezi yoyambirira, ndipo chimene chinkathamanga kukula chinali mphukira yochokera m'munsi mwa pomezanitsa, ya tsinde lija anabzala kuchokera ku nthangala. Ndinazindikira chaka chino itabereka zipatso ziwiri za mnofu wofewa, wamadzimadzi, wa ulusi wotsalira m'mano. Jackfruit alipo wa mitundu iwiri ikuluikulu. Ku Kerala, kum'mwera kwa India, kudera lomwe mtengowu unachokera, wolimbayo amamutcha varikka, wofewayo koozha. Wofewa ndi wotsekemera ndithu, ena amamukonda, koma sindiye ndinalipirira. Akanangondiuza mawu amodzi okha, kuti chilichonse chophukira pansi pa chipsera cha pomezanitsa uzichithothola, bwenzi pano ndili ndi mitengo iwiri yabwino.

Tsono nayi yachitatu, imene yandichititsa kukhala pansi n'kulemba zonsezi.

Inali yaifupi pa zonse, ndipo ndinaibzala pokwera, padzuwa, m'dzenje lomwe ndinasakaniza dothi ndi manyowa owolerana bwino. Zaka ziwiri zoyamba ntchito yanga inali kuthirira m'chilimwe, kuphimbira pansi ndi udzu wouma mosakhudzitsa kuthunthu, ndi kuitchinga ku mphepo yozizira, poti mtengowu ukadali waung'ono chisanu chimaupha. Chaka chachitatu inatulutsa tinthu tobiriwira, totalika ngati chala, m'nthambi zing'onozing'ono. Ndinasangalala kwabasi, ndinkatiwerenga m'mawa uliwonse. Patapita masiku tinachita ufa wachikasu, kenako n'kuda ngati tamera nkhungu, n'kugwa pansi tonse. Mtima unandipweteka. Ndinaimbira foni ku nazale kuja, ndipo mnyamata amene anayankha sanafunse n'komwe kuti tinthuto tinali pati.

"Bambo, zipatso zikayamba kuthothoka choncho ndiye kuti mtengo wadwala. Bwerani mudzagule mankhwala opopera, tili nawo."

Ndinatsala pang'ono kupita. Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire amene ali ndi mitengo yotereyi kwa zaka zambiri. Anatola kamodzi pansi, n'kukatembenuza m'manja, n'kuseka.

"Mwanawe, aka si chipatso. Awa ndi maluwa aamuna, ntchito yawo yatha, asiye agwe. Uziyang'ana pathunthu."

Ananena zoona. Mtengo umodzi womwewo umatulutsa maluwa aamuna ndi aakazi. Aamuna amakhala osalala, a phesi lowonda, ndipo akatulutsa mungu amada n'kugwa. Aakazi amatuluka pathunthu penipeni ndi pa nthambi zikuluzikulu, ali ndi phesi lonenepa ndi kamkombero m'khosi, khungu lake la timitumbira. Mitengo yaing'ono kawirikawiri imayamba ndi aamuna okhaokha. Chaka chotsatira aakazi anabwera asanu ndi awiri, ine n'kuchotsako atatu kuti kamtengoko kasalemedwe.

Kudikira kuti chipatso chikhwime kumafuna mtima wautali, miyezi ndithu, ndipo tsiku lililonse umachiona chikufufuma pathunthu ngati mwana wobelekedwa kumsana. Ichi ndiye chipatso chachikulu kuposa zipatso zonse zobala mumtengo, china chimatha kupitirira makilogalamu 50. Changa choyamba chinalemera 11, ndipo ndinachinyamula ndi manja awiri. Kuti mudziwe kuti chakhwima, timinga ta pakhungu timaphwa n'kutalikirana, kubiriwira kumayamba kupita kuchikasu, tsamba lomaliza la paphesi limafota, ndipo mukachigogoda ndi chala chimalira ngati ng'oma yaphwa, osati ngati mtengo wouma. Ndinachidula, n'kuchigoneka phesi litaloza pansi kuti utomoni utsike, ndipo patatha masiku anayi nyumba yonse inadzaza fungo. Fungo la kunja kwa chipatso chakupsa si onse amene amalikonda, lili ndi kakununkha kena ngati anyezi wayamba kuwonongeka. Mkazi wanga anachitulutsa panja kawiri konse, ine n'kuchilowetsanso.

Za utomoni ndiye ndifotokoze bwinobwino, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amadana ndi chipatsochi mpaka kalekale. Nthawi yoyamba ndinangotenga mpeni n'kuchicheka pakati ngati chivwende. Kuchokera mumtima mwake munatuluka utomoni woyera ngati mkaka, womata ngati ulimbo. Unagwira mpeni, unagwira zala, zala n'kugwira chogwirira cha mpope, mpope n'kugwira nsalu yopukutira. Ndinasamba ndi sopo katatu, utomoniwo n'kumangoda ndi kumatirira. Madzi sachotsa utomoni umenewu, chimene chimachotsa ndi mafuta ophikira. Masiku ano ndimayala mapepala patebulo, ndimadzola mafuta m'manja ndi kumpeni konsekonse mpaka pachigwiriro, ndimacheka chipatso m'litali n'kuchigawa panayi, ndimachotsa mtima woyera uja poyamba, kenako ndimapinda khungu chakumbuyo. Mukatero timatumba tachikasu ta mnofu timadzionetsa tokha pakati pa ulusi woyera, mumangozula kamodzikamodzi ndi zala, n'kung'amba kuti mutulutse nthangala. Chipatso chimodzi chimanditengera pafupifupi theka la ola. Amene thupi lanu limadana ndi zinthu za labala, monga magolovesi a kuchipatala, samalani nacho chipatsochi, chifukwa ena otere chimawayabwa ndi kuwatupitsa.

Kakomedwe kake ndi komwe kanandiiwalitsa mbande ziwiri zija. Mnofu ndi wolimba, umachita kulira khrrr pakamwa, sudontha madzi, ndipo kutsekemera kwake kuli pakati pa nthochi, chinanazi ndi mango, koma kuli ndi kafungo kakekake komwe sikafanana ndi chilichonse mwa zitatuzi. Mukauika m'firiji kwa maola awiri umakoma kuposa pamenepo. Mkazi wanga uja anachitulutsa panja ndiye anamaliza mbale yoyamba, osandisiyira.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti pa kulemera konse kuja, mnofu wodya ndi gawo lochepa. Khungu, mtima ndi ulusi zimatenga malo ambiri. Komabe zotsalazo sizopita kudzala zonse. Nthangala zimakhalamo zambirimbiri, chipatso chachikulu chimatha kukhala nazo mazana angapo, ndipo zimadyedwa zikaphikidwa. Ndimaziwiritsa m'madzi amchere mpaka mpeni uzilowa mosavuta, n'kusenda kakhungu koyera kolimba ka pamwamba, kakhungu kofiirira ka mkati ndimakasiya. Zimakhala zaufa ngati mbatata, ndipo mukazikazinga pang'ono pambuyo pake ana amazilimbirana. Zaziwisi musadye, zimavuta kugayika m'mimba. Ulusi wa chipatso chakupsa nawo umatsekemera pang'ono, ena amauphika, ine ndimapatsa ziweto.

Zipatso zitatu zija ndinachotsa zili zanthete sindinazitaye. Jackfruit wosakhwima amaphikidwa ngati ndiwo, ndipo ku India, ku Sri Lanka ndi ku Indonesia akhala akumuphika choncho kuyambira kale. Utomoni wake ndi wochuluka kuposa wa wakupsa, ndiye mafuta m'manja musaiwale. Mumasenda khungu, kudula m'zidutswa, kuviika m'madzi othira mandimu kuti zisade, kuwiritsa mpaka zifewe, kutaya madziwo, kenako kukazinga ndi anyezi, adyo ndi zokometsera zilizonse mumakonda. Payekha alibe kukoma kwenikweni, amangotenga kukoma kwa zimene mwathiramo, ndipo akaphikidwa amanyenyeka m'timizeremizere ngati nyama yophikitsa. N'chifukwa chake masiku ano akumugulitsa m'zitini kwa anthu osadya nyama. Koma ndikuuzeni zoona, kufanana kwake ndi nyama kumathera m'maso ndi m'kamwa. Zomanga thupi muli zochepa kwambiri, pafupifupi magalamu 2 pa magalamu 100 aliwonse, nyemba zimamuposa kutalitali. Amene akukuuzani kuti mtengo uwu ulowa m'malo mwa nyama pakhomo panu akukunamizani.

Chaka chino mtengo wabwinowu wabereka zipatso khumi ndi zinayi, ndipo vuto langa tsopano ndi lina. Chipatso chikapsa sichidikira, masiku ochepa chabe chayamba kufewa n'kuitana ntchentche. Zitatu zikapsera limodzi, banja la anthu asanu silingazithe ngakhale litadya m'mawa, masana ndi madzulo. Ndagawira anansi mpaka ena ayamba kundizemba. Mnofu wochotsa nthangala umasungika bwino mufiriza kwa miyezi, wina ndayanika n'kukhala ngati switi. Zipatso ziwiri zinawola zili zing'onozing'ono m'nyengo yamvula, zinachita nkhungu yakuda, ndinazidula msanga n'kuzikwirira kutali kuti zisapatsire zinzake. Kuyambira pamenepo ndimadulira nthambi zamkati kuti mphepo izidutsa, ndipo nsonga ndinaidula mtengo utafika mamita anayi. Mukausiya umatha kufika mamita 20, ndipo chipatso cholemera ngati mwana wa zaka zitatu chikapsera kumwamba kumeneko, mudzachitsitsa bwanji? Musaubzalenso pafupi ndi nyumba kapena poimika galimoto. Mitengo iwiri italikirane mamita 8 mpaka 10.

Kodi kugula mbande yomezanitsa kuli ndi phindu poyerekeza ndi kungobzala nthangala? Kwa ine inde, ngakhale ndinapsa nazo ziwiri. Nthangala imamera mosavuta ngati mwaibzala ikadali yaiwisi, poti ikauma kwa milungu ingapo imafa, koma simudziwa kuti idzabala chotani kufikira patapita zaka, ndipo mtengo wanga wachiwiri uja ndi umboni. Yomezanitsa imabala msanga, ndipo imabala chimene chinachokera ku mtengo wamake. Chofunika n'kugula ndi maso anu. Funani chipsera cha pomezanitsa muchione, chikhale chopola bwino. Nyamulani chubu muyang'ane pansi, ngati mizu yatulukira kapena yalowa kale m'dothi la panazalepo, isiyeni. Tengani yaifupi yonenepa, osati yaitali yowonda. Funsani dzina la mtundu wake, pali mitundu yodziwika monga Black Gold ya ku Australia ndi J-33 ya ku Malaysia, ndipo wogulitsa amene akungoti "ndi wabwino, bwana" osatchula dzina, mwina iye mwini sakudziwa chimene akugulitsa. Kapepala ka mbande zanga kanangolembedwa kuti "wolimba", basi. Ndipo pakhomo pamodzi, mtengo umodzi ndi wokwanira.

Mwezi wathawu ndinabwerera ku nazale kuja nditanyamula mbale ziwiri, ina ya mnofu wolimba, ina ya wofewa, kuti aone okha kusiyana kwa mbande zomwe anandigulitsa ndi kapepala kamodzi. Mwini wake analawa zonse ziwiri mwakachetechete, anapepesa, n'kundipatsa mbande ina yaulere. Ndinaitembenuza pomwepo iye akuona, muzu unali utatulukira pansi pa chubu, ndinaibweza n'kusankha ina yaing'ono pamzere wakumbuyo. Asanandiperekeze anandipempha ngati angabwere kudzadula tinthambi ta mtengo wanga wabwino uja kuti akamezanitse. Ndamuuza abwere zipatso zikatha, ndipo abwere ndi mpeni wake, andiphunzitse kumezanitsa pa mtengo wofewa uja.