Legeni ya mphira yofiira yogula pamsika: ndemanga yanga itatha nyengo ya mpunga

Legeni imene ndikuifotokoza pano ndinaigula mwezi wa Febuluwale pamsika wina wa m'boma la Zomba, kwa bambo wina amene amayala katundu wake pansi pamodzi ndi mipeni, zikwanje, misampha ya makoswe ndi matochi. Mtengo wake unali wofanana ndi wa paketi imodzi ya shuga. Ndinaigula chifukwa mpunga wa Faya umene timalima kudambo kufupi ndi nyanja ya Chilwa unali utatsala pang'ono kutulutsa ngala, ndipo aliyense amene analimapo mpunga akudziwa kuti kuyambira pamene ngala zayamba kukhala ndi mkaka mpaka tsiku lokolola, munthu amakhalira kuingitsa mbalame kuchokera m'bandakucha kufikira dzuwa litalowa.

Kuyambira ndili mwana sindinagulepo legeni, chifukwa kwathu timadzipangira tokha. Timadula mphanda ya mtengo wa gwafa, n'kucheka chubu chakale cha njinga ndi lezala, kenaka n'kusaka lilime la nsapato yakutha kuti likhale chikopa chogwirira mwala. Chimene chinandikopa pa legeni ya pamsikayi ndi mphira yake, yofiira, yobulungira ndiponso yamphako ngati kapaipi, imene ndinkamva anyamata akuitama kuti imaponya kutali kuposa chubu. Mphanda yake inali yosemedwa bwino ndi yopalidwa mosalala, nthambi zake ziwiri zinali zofanana kutalika, ndipo chogwirira chake chinkakwana m'dzanja popanda kuterera ngakhale thukuta litatuluka. Chikopa chokha ndi chimene chinandikayikitsa pomwepo, chifukwa chinali chopyapyala ndi chonyezimira, cha mtundu wa zikwama zotsika mtengo za amayi.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinapita nayo pansi pa mtengo wa mango pamene abambo a m'mudzi mwathu amasewerera bawo, ndipo woyamba kuilanda anali amalume anga, amene pa unyamata wawo ankapita ku uzimba ndi agalu, zibonga ndi mikondo nthawi ya lupsa. Anaitembenuza, n'kukoka mphira ziwirizo mpaka patsaya, kenaka anazibweza pang'onopang'ono osaponya kanthu. Anandiuza kuti, “Mphwanga, mphanda yokhayi ndiye wagula, zofiirazi wabwereka.” Onse anaseka, ndipo nkhani inasanduka mkangano umene umabuka nthawi zonse alenje akakhala pamodzi, wakuti kodi chimene chimapha nyama ndi chida kapena dzanja. Wina anakumbutsa za mkulu wina wakale amene ankagwetsa nkhwali ikuuluka ndi chibonga chokha, wina anakamba za mfuti ya gogodela imene inkachedwa kulira mpaka gwape ataona kale mlenje, ndipo wina anaumirira kuti galu wabwino amaposa zonsezi. Nkhani zoterezi zimakula chaka ndi chaka, moti nguluwe imene ndili mwana inkanyamulidwa ndi anthu awiri, masiku ano ikunenedwa kuti inalemera anthu anayi.

M'mawa mwake ndinaiyesa ndekha. Ndinaika chitini chopanda kanthu pachitsa, n'kuwerenga mapazi khumi, ndipo pa miyala khumi ndinalasa kasanu ndi kawiri. Pa mapazi khumi ndi asanu ndinalasa kanayi, ndipo pa mapazi makumi awiri ndinalasa kamodzi kokha, mwina mwamwayi. Ndi legeni yanga yakale ya chubu, pa mapazi khumi ndimalasa mofanana, koma mwala umafika utafooka ndipo umangogwetsa chitini, pamene wa legeni yofiirayi unkachifwanyula, nthawi zina n'kuchiboola. Pa nkhani ya mphamvu anyamata aja sananame. Mphira yofiirayi imabwerera mwamsanga ikatayidwa, choncho mwala umayenda mowongoka kwa mtunda wautali usanayambe kugwa, ndipo woponya safunika kuloza pamwamba kwambiri pa chimene akufuna kulasa monga timachitira ndi chubu.

Mphamvu imeneyi ili ndi zofuna zake, ndipo apa ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Timiyala ting'onoting'ono tophwatalala timene ana amangotola m'njira sitigwirizana ndi legeni imeneyi. Timapepuka, choncho mphira imatsala ndi mphamvu yopanda kopita, n'kubwerera kudzamenya zala za dzanja logwira mphanda, ndipo kamwalako kamayenda mokhotakhota kakulira mumphepo. Imafuna miyala yobulungira, yolemererapo, yaikulu ngati nthudza, ndipo yabwino kwambiri ndinkaitola mumtsinje wa Likangala pamalo pamene madzi anaisalaza. Popeza kudambo kwenikweni kulibe miyala, ndinabwerera ku nzeru ya makolo youmba timipira ta dongo la pachulu. Timaumba tonse tofanana kukula, n'kutiyanika pamthunzi masiku atatu kuti tisang'aluke, kenaka n'kutikwirira m'phulusa lamoto usiku wonse. Timipira timeneti tili ndi ubwino winanso m'munda wa mpunga, chifukwa tikaphonya timaphwanyika n'kubwerera kudothi, pamene mwala umatsala m'munda n'kudzagomola zenga nthawi yokolola. Chachikulu pa zonse ndi kufanana kwake, pakuti dzanja limazolowera kulemera kumodzi, ndipo likazolowera silifunanso kuganiza.

Kagwiridwe nakonso kanasintha. Chubu chimakhululuka munthu akakoka mosasamala, koma mphira yofiirayi imaulula cholakwa chilichonse. Ndinapeza kuti ndiyenera kukokera chikopa pamalo amodzimodzi nthawi zonse, pansi pa fupa la tsaya, ndiponso kugwira mwala m'mbali mwake kudzera pachikopacho, osatsina kutsogolo kwake. Potaya, zala ziwiri ziyenera kungotseguka limodzi. Chala chimodzi chikachedwa, chikopa chimapotoka ndipo mwala umamenya mphanda, zimene zinandichitikira kawiri m'sabata yoyamba ndipo chipsera chake chikuonekabe pamtengopo. Amalume amaphunzitsa kuti usayang'ane legeni, uyang'ane diso la mbalame, ndipo ngakhale kuti poyamba ndinkaona ngati ndi mawu a akulu chabe, ndinaona kuti ndikatanganidwa ndi kuyang'ana nsonga ya mphanda ndimachedwa kutaya, mkono umayamba kunjenjemera, ndipo ndimaphonya.

Nyengo nayonso imaikhudza. Masana dzuwa likatentha mphira imafewa ndipo imaponya mwaukali, koma m'mamawa wozizira, mame ali mbuu pa mpunga, imauma ndipo mwala umagwera pafupi kusiyana ndi mmene munthu wazolowerera. Ndinkaiika m'thumba la malaya kuti ifunde ndisanayambe kuponya. Mphepo yochokera kunyanja imakankha kampira ka dongo kuposa mwala wa mumtsinje, choncho tsiku la mphepo ndinkasunga miyala yeniyeni ya njiwa, ndipo dongo linkakhala loingitsira chabe.

Pa ntchito imene ndinaigulira, legeniyi inandithandiza ndithu. Mbalame zazing'ono zimene zimatera pa mpunga mwachigulu sizifuna kuphedwa imodziimodzi, zimafuna kudzidzimutsidwa, ndipo kuchokera pansanja ndinkafikitsa kampira kumapeto a munda kumene kale ndinkafikako ndi miyendo kapena ndi kukuwa. Mawu anga anapuma, ndipo zingwe za zitini zimene timamanga m'munda sindinazikoke kawirikawiri ngati zaka zina. Pa ndiwo, njiwa ndi zimene zinalowa mumphika kangapo. Nkhwali ndinagwetsa imodzi yokha, imene inaima pamzere wa munda m'mamawa ndipo mwala unaipeza pamutu. Nkhanga ndikulangiza kuti musaiyese. Nthenga zake ndi zochindikala, ndipo imodzi imene ndinailasa paphiko inathamangira m'tchire ikukoka phikolo, ndinaisaka mpaka dzuwa kutentha osaipeza, ndipo mtima unandiwawa chifukwa ndinadziwa kuti ndangoipereka kwa afisi kapena kwa nyerere. Apusi obwera kuchimanga imawathamangitsa bwino, ngakhale kuti amaphunzira msanga kutalika kwa mkono wa munthu ndipo amakhala pamtengo wotsatira akukuyang'ana.

Tsopano ndinene za zolakwa zake, zimene si zazing'ono. Chikopa chija chinang'ambika pabowo patangotha milungu iwiri, monga ndinkaopera, ndipo ndinachisintha ndi lilime la nsapato. Chachikulu chinachitika m'sabata yachisanu ndi chiwiri. Ndinakoka mwachizolowezi, ndipo mphira ya kumanzere inaduka pafupi ndi mphanda n'kundikwapula pansi pa diso, moti ndinakhala pansi kwa kanthawi misozi ikungotuluka yokha. Ikanakwera pang'ono chabe, bwenzi ndikulemba nkhani ina. Nditaiyang'anitsitsa ndinaona zifukwa ziwiri. Choyamba ndi changa, chifukwa ndinkaisiya padenga la nsanja masana onse, ndipo dzuwa limadya mphira, kuichititsa timing'alu ting'onoting'ono timene timaoneka pokhapokha ukaitamula. Chachiwiri ndi cha wopanga, amene anamanga mphirayo kumphanda ndi ulusi wa nayiloni woonda, umene unkaicheka pang'onopang'ono nthawi iliyonse ndikakoka. Kwathu timamanga ndi kachingwe kodula kuchubu, kamene kamatamuka limodzi ndi mphira ndipo sikaidula. Munthu amene anatha kusema mphanda yokongola chotere sakanayenera kulakwitsa pamenepa.

Nditabwerera kumsika ndinapempha kuti andigulitse mphira yokha. Bamboyo anandilandira mwaulemu, koma anati sagulitsa mphira payokha, ndingogula legeni ina yathunthu. Apa ndi pamene ndinakhumudwa kwambiri, chifukwa mphira ndi gawo limene limatha pa legeni iliyonse, ndipo wogulitsa amene sasunga zosinthira ali ngati wogulitsa njinga amene salola kuti mugule chubu.

Pali nkhani ina imene imabwera nthawi zonse pansi pa mango paja, ndipo ikukhudza aliyense wogula chida chosakira. Akulu amadandaula kuti nyama zinatha ndipo malamulo anakhwima. Lamulo loteteza nyama zakutchire la m'chaka cha 1992 linakonzedwanso mu 2017, ndipo tsopano munthu wopezeka ndi mlandu wokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere kapena ngaka akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Kumalo osungirako nyama a Liwonde, amene kuyambira mu 2015 akuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma, munthu salowa ndi msampha kapena chida chilichonse chosakira, ndipo mfuti imafuna chiphaso cha apolisi. Legeni sifuna chiphaso chotero, n'chifukwa chake yatsala m'manja mwa ambiri, koma zimenezi sizikutanthauza kuti chilichonse chouluka ndi ndiwo. Nyanja ya Chilwa ili m'gulu la madambo odziwika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo nthawi ya mvula imalandira mbalame zochokera kutali ku Ulaya ndi ku Asia. Osaka mbalame a kuno anapanga magulu awo amene amapatula malo oswanirana mbalame kuti pasasakidwe, chifukwa anaona okha kuti nyanja ikaphwa, monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018, nsomba zimasowa ndipo anthu ambiri amathamangira kumbalame. Legeni yamphamvu chonchi ikakhala ndi mwana wosalangizidwa imatha akakowa ndi akadzidzi, pamene kadzidzi ndi amene amatichepetsera makoswe m'nkhokwe. Ana anga ndinawaletsa kuigwira ine palibe, chifukwanso mwala wake ukhoza kuswa diso la mnzawo kapena kuthyola mwendo wa nkhuku ya eni.

Kwa mlimi wa mpunga kapena mapira amene akufuna chida choingitsira mbalame kwa nyengo imodzi, ndalama yake siitayika, malinga ngati asanaponye mwala woyamba amasule ulusi wa nayiloni n'kumanganso ndi kachingwe ka chubu, asinthe chikopa, ndipo aziitamula mphirayo m'mawa uliwonse kuti aone ngati yayamba ming'alu pafupi ndi mphanda. Kwa amene akungoyamba kuphunzira kulasa, ndi bwino ayambe ndi ya chubu, imene siluma zala ndipo ikaduka sipweteka kwambiri. Yangayi ndinaichotsa mphira yofiira imene inatsala, n'kumangapo chubu chakuda chimene ndinapempha kwa wokonza njinga, ndipo amalume ataiona anangoigwedeza m'dzanja n'kundifunsa ngati ndawasungira timipira ta dongo, chifukwa njiwa zayamba kutera pamalo pamene tinapunthira mpunga.