Kuyeza minofu kapena kuyeza magazi: dotolo wa pathology alowe njira iti?

Dotolo amene wamaliza digiri ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS n'kufuna kuzama pa pathology, ntchito yopeza matenda poyeza zinthu za m'thupi, amapeza njira ziwiri: anatomic, yoyeza minofu, ndi clinical, yoyeza magazi ndi madzi ena a m'thupi. Ku America ambiri amaphunzira zonse limodzi kwa zaka 4, kapena imodzi kwa zaka 3. Kuno kwathu ndi bwino kudziwiratu kumene mtima wagona.

Wa anatomic amakhala ndi zidutswa za thupi. Akachotsa chotupa ku Gulupu, amachiviika mu mankhwala a formalin kuti chisawole, kuchiumitsa mu sera, kuchidula mopyapyala kwambiri n'kuchipaka mtundu. Kenako iye amakhala pa maikulosikopu kuti anene ngati ndi khansa, komanso ya mtundu wanji. Khansa ya khomo la chiberekero, ya kum'mero, Kaposi, Burkitt mwa ana: popanda lipoti lake, wopereka mankhwala amangoganizira. Kupima mitembo ndi ntchito yakenso, ndipo ndi kumene abale kumudzi amayamba kukufunsa ngati unasowa china chophunzira.

Wa clinical amayang'anira labu ya magazi, mkodzo, makhololo ndi madzi a mumsana. Zake n'zachangu. Mwana ali ndi malungo kapena meninjaitisi? Magazi awa akugwirizana ndi a wodwala? Kachilomboka kakumva mankhwala ati? Nthawi yake yambiri imathera pa makina, kuonetsetsa kuti sakunama ndiponso kuti mankhwala oyezera sanathe.

Ine ndikadasankha anatomic. Ku labu ya magazi kuli akatswiri a zoyezayeza amene amayendetsa zambiri tsiku ndi tsiku, pomwe chotupa chimadikira dotolo basi, ndipo otere m'Malawi muno ndi ochepa zedi. Koma amene sangapirire kukhala pansi maola ambiri akusuzumira m'galasi, apite ku clinical.