Kutsogola kapena kubisala kumbuyo: njira iti imabweretsa golide pa 800m ndi 1500m?

Mpikisano waukulu ukangotha, kaya ndi wa Olympics kaya wa dziko lonse wa World Athletics, okonda liwiro timakangana nkhani yomweyomweyo: mnyamata amene wakhala akuthamanga kuposa anzake onse chaka chathunthu wagonja bwanji mufainolo? Ena amati analakwitsa kutsogola, ena amati akanadikira akanatheratu. Njira zenizeni n'ziwiri. Ina n'kutsogola mfuti ikangolira n'kuwatopetsa anzako ndi liwiro, ina n'kubisala kumsana kwa wina n'kudzatulukira m'mamita 200 omaliza.

Musayese njirazi ndi zomwe mumaona ku Diamond League, mndandanda wa mipikisano ya akatswiri yochitika chaka ndi chaka m'mizinda yosiyanasiyana. Kumeneko amalemba munthu ganyu yokoka liwiro, amene amatulukira panjira, ndipo nthawi zambiri m'mphepete mwa bwalo mumayaka nyali zosonyeza liwiro. Pa mpikisano wa mamendulo kulibe zonsezo. Mmodzi mwa opikisanawo ayenera kugwira ntchito yakutsogoloyo ulere.

Mtengo wa kutsogola ndi wodziwika: mphepo. Mu 1971 Griffith Pugh, katswiri wa sayansi ya thupi wa ku Britain, anapeza kuti pa liwiro la mitunda imeneyi pafupifupi 7.5 peresenti ya mphamvu za munthu imathera pong'amba mpweya, ndipo wothamanga mita imodzi kumbuyo kwa mnzake amapulumutsa gawo lalikulu la mphamvuzo. Jakob Ingebrigtsen wa ku Norway walipira mtengo umenewu katatu kotsatizana. Mufainolo ya 1500m pa mpikisano wa dziko lonse ku Eugene mu 2022 ndi ku Budapest mu 2023, ndiponso pa Olympics ku Paris mu 2024, belu la ulendo womaliza likulira iye anali patsogolo, koma golide anatenga Jake Wightman (3:29.23), Josh Kerr (3:29.38) ndi Cole Hocker (3:27.65). Ku Paris Ingebrigtsen anazungulira bwalo ulendo woyamba m'masekondi osakwana 55, pomaliza anakhala wachinayi. Golide wa 1500m wa Olympics amene anapambana ku Tokyo mu 2021 anabwera atam'siyira Timothy Cheruiyot ntchito yokoka, iye n'kudzam'pitirira chakumapeto.

Mukaona zimenezi mutha kunena kuti nkhani yatha, kubisala ndiye nzeru. Ine ndikukana, chifukwa kubisala kuli ndi msonkho wake umene ambiri sauwerengera.

Kanjira kalikonse pabwalo n'kotambalala mamita 1.22. Munthu akakhota kona ali m'kanjira kachiwiri m'malo mwa koyamba, amawonjezera mamita pafupifupi atatu ndi theka pa kona imodzi, kutanthauza mamita asanu ndi awiri pa ulendo umodzi wozungulira bwalo. Wothamanga 1500m mu 3:30 amayenda mamita opitirira pang'ono 7 pa sekondi. Ndiye ulendo uliwonse umene wathera kunja wataya sekondi yathunthu. Mu 1500m muli makona 7. Amene wakhota onsewo ali kunja wathamanga mamita pafupifupi 25 owonjezera, masekondi oposa atatu. Ku Paris, kuchokera pa woyamba kufika pa wachinayi panali kusiyana kosakwana ndi sekondi imodzi yomwe. Mphamvu zomwe wasunga pothawa mphepo watha kuzimwaza zonse pamakona osazindikira.

Ndiye wina amati, bwanji osakakamira mkati, pafupi ndi mpanda? Apo ndi pamene pali msampha woipitsitsa. Fainolo ya 1500m kawirikawiri imakhala ndi anthu 12. Ukakhala mkati pa nambala 5 kapena 6, kutsogolo kuli msana, kumanja kuli phewa, kumbuyo kuli misomali ya nsapato. Liwiro likasintha pa mamita 300 omaliza, iwe ukuona ndithu akupita koma polowera palibe. Kuti utuluke uyenera kuchepetsa liwiro, kudutsa kumbuyo kwa mnzako, n'kuyambanso kuthamangitsa anthu omwe akutaya kale ndi mamita asanu.

Yang'anitsitsani mamita 100 omaliza a ku Paris. Hocker anayesa kulowera mkati, anapeza Ingebrigtsen watseka, n'kubweza phazi. Kenako Ingebrigtsen anasendera kunja pang'ono kuti alimbane ndi Kerr, mpata n'kutseguka m'mphepete mwa mpanda, Hocker n'kudutsa. Liwiro linali lake, palibe angam'lande, koma khomo anam'tsegulira ndi mdani wake. Chaka chotsatira ku Tokyo, pa mpikisano wa dziko lonse wa 2025, Hocker yemweyo anatsekeredwanso musemifainolo, anadzipanikiza pakati pa anzake awiri, ndipo oweruza anam'chotsa mu mpikisano chifukwa chokankha. Katswiri wa Olympics sanafike n'komwe mufainolo. Njira imene imadalira kuti mnzako alakwitse sindiyikhulupirira.

Palinso kugwa. Pa Olympics ya 1996 ku Atlanta, Hicham El Guerrouj anakodwa kumapazi a Noureddine Morceli belu lili pafupi kulira, anagwa, n'kumaliza pa nambala 12. Gulu likamayenda pang'onopang'ono mothinana ndi pamene miyendo imakolana kwambiri.

Za ndime zoyambirira tingonena mwachidule. Kuyambira 2023, pa mipikisano ikuluikuluyi, wa 1500m amapitirira ndime ina chifukwa cha malo amene wamalizira basi, nthawi yabwino simupulumutsanso, choncho kutsekeredwa kamodzi kokha kutha kukubwezera kwanu.

Pa 800m sindizengereza: tsogolani, kapena khalani wachiwiri. Mpikisano umenewu ukathamangidwa mwamphamvu, ulendo woyamba umakhala wachangu kuposa wachiwiri, ndipo m'mamita 200 omaliza aliyense akucheperachepera liwiro. Wooneka ngati akuuluka ndi amene akuchedwa kutopa. Kona yoyamba aliyense amakhota m'kanjira kake, ndiye otsala ndi makona atatu okha olimbirana malo. David Rudisha pa Olympics ya ku London mu 2012 anatsogola kuyambira pomwe analowera mkati, anadutsa 400m mu 49.28, n'kumaliza mu 1:40.91, rekodi ya dziko lonse popanda womukokera. Nijel Amos wa ku Botswana anatsatira ndi 1:41.73, ndipo wotsiriza, Andrew Osagie, anachita 1:43.77. Ku Paris Emmanuel Wanyonyi anagwira kutsogolo n'kupambana mu 1:41.19, Marco Arop amene anachokera kumbuyo anachita 1:41.20. Kusiyana kwa 0.01 pa liwiro limenelo ndi masentimita pafupifupi 8. Zoona, Arop anapambanapo pochokera kumbuyo ku Budapest mu 2023, koma mpikisanowo unali wodekha, wa 1:44.24. Akutsogolo akaganiza zothamanga 1:41, wakumbuyo nthawi imam'thera.

Pa 1500m kutsogola kumagwira ntchito m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya munthu amene waposa anzake moonekeratu, monga Cheruiyot ku Doha mu 2019, amene anathawa gulu kuyambira pachiyambi n'kupambana mu 3:29.26, wachiwiri ali kumbuyo ndi masekondi oposa awiri. Chinsinsi chake n'chakuti anadula chingwe msanga. Munthu amene ali mamita khumi kumbuyo sapindulanso ndi msana wako. Kutsogola anthu ali pachidendene ndiko kumapha. Yachiwiri ndi ya Matthew Centrowitz pa Olympics ya ku Rio mu 2016: anakhala patsogolo, mkati, n'kuchedwetsa gulu lonse dala. Pa liwiro lotsika mphepo siivutitsa kwambiri, ndipo anzake ankadzipha okha kunja pamakona. Anapambana mu 3:50.00, nthawi yochedwa kuposa ya wopambana wina aliyense wa Olympics kuyambira 1932, ulendo womaliza atauthamanga m'masekondi osakwana 51. Fainolo yotere sindiikonda, imanyozetsa mtunda wokongolawu, koma masamu ake ndi olondola.

Mtima wanga uli ndi otsogola, sindibisa. Popanda Rudisha, Cheruiyot ndi Ingebrigtsen, mafainolo ambiri akanakhala kuyenda kwa mphindi zitatu kenako liwiro la mamita 300. Komabe mnyamata akandifunsa kuti achite chiyani pa 1500m, ndimuuza za El Guerrouj wa pa Olympics ya ku Athens mu 2004. Sanatsogole pachiyambi, sanabisalenso kumapeto kwa gulu. Anakhala pafupi ndi kutsogolo, anatenga ulamuliro kutatsala mamita ngati 800, n'kumawonjezera liwiro pang'onopang'ono mpaka odalira liwiro la kumapeto miyendo inawalemera belu lisanalire. Bernard Lagat yekha ndiye anakakamira, anafika pom'pitirira pang'ono m'mamita omaliza, koma El Guerrouj anabweza n'kupambana. Mphepo anaing'amba theka la mtunda lokha, makona omaliza anakhota ali mkati, ndipo panalibe wom'tsekera. Njirayi imafuna munthu wokhala ndi mpweya wa 5000m, ndipo El Guerrouj anali nawo: patapita masiku anayi anapambananso 5000m pabwalo lomwelo.